Zachokera kwa Yani? Kabuku ka Mabanja a ku Chia pa za Kugontha ndi Makutu Odana ndi Phokoso

Pali liwu limodzi m'Chichewa limene lapweteketsa ana ambiri, liwu loti "wosamva". Mayi ali pamtondo akusinja chinangwa cha kondowole, aitana mwana kamodzi, kawiri, katatu, mwanayo ali jegwa kuseweretsa mchenga osacheuka n'komwe. Mlandu umathera pomwepo: mwana ameneyu ngwosamva, kutanthauza kuti ndi wamwano. Komatu pakati pa ana otchedwa dzina limeneli m'midzi yozungulira nyanja ya Chia alipo ena amene makutu awo sakugwiradi mawu. Ana otere amalandira makofi pa mlandu umene sanapalamule, ndipo khofi wa pakhutu amatha kuboola nembanemba ya m'kati, vuto n'kuwirikiza.

Tsiku limene banja lazindikira kuti mwana ndi wogontha, pamabuka funso lina lowawa kuposa loyambalo. Akuchimuna amati, "Kwathu zimenezi kulibe." Akuchikazi nawo amati, "Mbumba yathu yonse imamva bwinobwino." Nkhani imakafika kwa ankhoswe. Ngati bambo wa mwanayo ali ndi maboti awiri ndipo usipa ukumuyanja, kudoko kumayamba manong'onong'o akuti anakhwimira mwana wake. Miyezi imatha anthu akulozana zala, mwana osaonedwa ndi wachipatala aliyense.

Vutoli si la nyumba imodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi olumala, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse ali ndi vuto la kumva. Bungwe la WHO linanena mu 2021 kuti padziko lonse anthu 430 miliyoni ali ndi vuto la kumva lofunika thandizo, ndiponso kuti mwa ana 10 alionse amene ali ndi vutoli, kwa 6 likanapewedwa.

Zakumtundu zilipo, koma siziyenda momwe anthu amaganizira

Malangizo a chibadwa amene munthu amatengera kwa makolo ake, asayansi amawatcha majini. Kuno kunyanja liwu limeneli n'lofunika kulimasulira msanga, chifukwa kwa anthu ambiri a ku Nkhotakota majini ndi mizimu yogwira anthu. Majini a adokotala si amenewo ayi. Ndi timalangizo tosaoneka ndi maso timene tili m'thupi la munthu aliyense, touza thupi kuti khungu likhale lotani, msinkhu ufike pati, khutu lipangidwe motani. Pafupifupi langizo lililonse munthu amalilandira pawiri, lina kwa mayi, lina kwa bambo.

Msodzi wochenjera amamanga bwato lake ndi zingwe ziwiri mwera ukamawomba. Chingwe chimodzi chikakhala chofuka, chinacho chimagwirabe, ndipo wodutsa pagombe sangadziwe kuti pali chingwe chofooka. Kugontha kwa kumtundu kumene kumapezeka kawirikawiri kumayenda chomwecho. Bambo ali ndi langizo limodzi lolimba ndi lina lofooka, ndipo amamva bwinobwino. Mayi chimodzimodzi. Koma mwana akalandira lofooka kwa bambo ndi lofookanso kwa mayi, alibe chingwe chomugwira, amabadwa wogontha. Kwa makolo otere, pa mimba iliyonse mwayi woti mwana abadwe wogontha ndi umodzi mwa inayi. Izi sizitanthauza kuti woyamba akagontha ndiye kuti atatu otsatira apulumuka. Maere amagwa mwatsopano pa mimba iliyonse, motero banja lina limabereka ana asanu ndi mmodzi onse akumva, lina ana awiri otsatizana ogontha.

Apa ndiye pamene mkangano wa akuchimuna ndi akuchikazi umathera. Pa kugontha kwa mtundu umenewu, mbali zonse ziwiri zapereka mofanana, ndipo onse onena kuti "kwathu kulibe" akunena zimene maso awo anaona, chifukwa langizo lofookalo limatha kuyenda mobisala mibadwo ingapo. N'chifukwa chake mwa ana 10 alionse obadwa ogontha, oposa 9 amabadwa kwa makolo omva. Mkazi amene akusungidwira mlandu pa chitengwa, kapena mkamwini amene akuyang'anidwa ndi diso lofiira kwa apongozi, akunamiziridwa.

Kulinso kugontha kwina kumene langizo limodzi lokha limakwanira. Kumeneku sikubisala: agogo, mwana wawo, mdzukulu, mbadwo uliwonse muli wina, ndipo mwayi pa mimba iliyonse ndi theka. Nthawi zina mwana amabadwa akumva, makutu n'kuyamba kulemera ali mnyamata kapena atakwatira kale. Mtundu wina wa kugontha kotere, wotchedwa Waardenburg, umadziwika ndi tsumba la tsitsi loyera pamphumi ndi maso abuluu owala, kapena maso awiri osiyana mtundu. Mwana wamaso otere si mfiti, ndipo ayenera kukayezedwa makutu.

Mtundu wachitatu ukukhudza mbumba mwachindunji, popeza umadutsa mwa amayi okha. Anthu a m'banja lotere amamva bwino mpaka tsiku limene abayidwa jakisoni wa gulu la gentamicin, streptomycin kapena amikacin. Mankhwalawa amapulumutsa miyoyo, makamaka ya makanda odwala kwambiri, ndipo palibe ayenera kuwakana mwachisawawa. Koma ngati kuchikazi kuli wina, kaya malume, kaya mayi aang'ono, amene anagontha atangolandira majakisoni, mayi auze namwino kapena dokotala mankhwala asanaperekedwe, ndipo apemphe kuti zilembedwe m'buku la kuchipatala la mwana aliyense. Mwini mbumba amene amadziwa mbiri ya alongo ake ndi ana awo ali ndi nkhani yofunika kwa adokotala.

Nanga chisuweni? Mwambo umalola msuwani kukwatira msuwani wake, ndipo maukwati ambiri otere amabereka ana athanzi. Chimene chilipo n'chakuti anthu a agogo amodzi amatha kukhala atatengera chingwe chofooka chofanana, motero mwayi woti zingwe ziwirizo zikumane mwa mwana umakwera. Asuweni amene kumtundu kwawo kunabadwapo ogontha angachite bwino kuyezetsa mwana aliyense akangobadwa.

Ena akamva zonsezi amafulumira kunena kuti ogontha asamakwatirane. Ku Ghana kuli mudzi wotchedwa Adamorobe, kufupi ndi tawuni ya Aburi, umene kwa mibadwo yambiri wakhala ukubereka ogontha ochuluka kuposa midzi ina, mpaka anthu ake, omva ndi osamva omwe, anapanga chinenero chawochawo chamanja. Mu 1975 mfumu ya mudziwo inaletsa ogontha kukwatirana okhaokha. Zotsatira zake, amuna ambiri ogontha anakalamba opanda banja. Mu 1998 ofufuza anapeza kuti gwero la kugonthako ndi kusintha kwa jini imodzi yotchedwa GJB2, imene anthu omva a m'deralo nawonso amainyamula mobisala, kotero kuti lamulolo silikanatha kutseka njira yonse. Kwina kulikonse, ogontha awiri akakwatirana ana awo ambiri amabadwa akumva, chifukwa chimene chinagonthetsa mwamuna nthawi zambiri sichifanana ndi chimene chinagonthetsa mkazi. Munthu amene anagontha ndi matenda alibe choti apatsire mwana wake.

Ana ambiri kuno agonthetsedwa ndi matenda

M'mayiko olemera, theka kapena kuposa la ana obadwa ogontha ndi a zakumtundu. Kuno nkhani imapendekera kwina, chifukwa matenda owononga khutu akadali pakhomo. Udzudzu wa m'mabango a Chia ndi m'minda ya mpunga suchita kufunsa. Malungo aakulu, ofika pokomoka, amatha kusiya mwana ali ndi vuto la kumva. Matenda oumitsa khosi ndiwo oopsa koposa: mwana amene dzana ankaimba nyimbo za kusukulu amatuluka m'chipatala ali zii, osamva ngakhale bingu. Chikuku ndi matsagwidi nazo zimagonthetsa, matsagwidi kawirikawiri khutu limodzi. Mayi woyembekezera akadwala rubella miyezi yoyambirira, kapena akakhala ndi chindoko chosachizidwa, mwana amatha kubadwa wogontha, anthu n'kumati ndi zakumtundu pamene si choncho. Khanda lobadwa losakwana masiku, lochedwa kulira, kapena logwidwa chikasu chachikulu m'masiku oyamba, lilinso pangozi.

Zambiri mwa zimenezi zili ndi chotchinga chake kusikelo. Katemera woteteza ku chibayo ndi mitundu ina ya matenda oumitsa khosi anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2011, ndipo wa chikuku ndi rubella pamodzi anabwera mu 2017. Kuyezetsa magazi kusikelo ya amayi oyembekezera, kuchirira kuchipatala, kugona m'neti m'malo moisandutsa ukonde wa matemba, zonsezi n'zoteteza makutu ngakhale kuti anthu saziona choncho.

Koma mdani wa tsiku ndi tsiku ndi khutu lotuluka mafinya. Lazolowereka mpaka ena amaliyesa gawo la ubwana. Mwana amadzuka pamphasa pali banga, tsaya lauma mafinya, ntchentche zili ng'waa pakhutu, anzake akumuthawa fungo. Kawirikawiri mafinyawo amatanthauza kuti nembanemba ya m'khutu inabooka. Mwana yemweyo masana amakadumphira m'nyanja ndi anzake, madzi n'kulowa pabowopo, chilonda n'kuyambiranso. Kunyumba agogo amafinyiramo madzi a masamba, ena mafuta ophikira, ena amatokosamo ndi nthenga ya nkhuku kapena mtengo wa machesi. Zonsezi zimawonjezera matenda.

Chofunika n'chosavuta. Mwana apite kuchipatala, kumene amapereka mankhwala odonthezera m'khutu. Asanadonthezere, mayi asambe m'manja, apote kansalu koyera kofewa kakhale ngati chingwe cha nyali, akalowetse pang'ono pakhomo pa khutu kuti kamwe mafinya, akachotse, aike kena mpaka khutu liume. Atero katatu pa tsiku. Mwana asasambire kufikira wachipatala atanena kuti bowo latsekeka. Mafinya akapitirira masabata awiri, matendawo akhazikika ndipo afunika kuwatsatira mosatopa. Kuseri kwa khutu kukatupa n'kumawawa, kapena mwana akayamba kudandaula mutu kwambiri, kusanza ndi kuuma khosi, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo, usiku ngakhale usana, chifukwa mafinya amatha kufika ku ubongo.

Banja lofuna kudziwa kumene vuto linachokera liyambe ndi kukumbukira. Kodi khandali linkadzidzimuka chitseko chikamenyetseka? Pa miyezi 6, linkatembenukira kumene kwalira mbale? Pofika chaka, linkadziwa dzina lake ndi kuyesa kunena "amama"? Pa zaka 2, linkalumikiza mawu awiri? Ngati linkachita zonsezi kenako n'kusiya litadwala, gwero lake likuonekeratu. Poyesa mwana kunyumba, munthu aime kumbuyo kwake, osaponda pansi mwamphamvu ndiponso chithunzithunzi chake chisaonekere, chifukwa ana ogontha ndi akatswiri pomva kugwedera kwa nthaka ndi kuona kaphethidwe ka diso. Mawu akuti "achedwa chabe, bambo ake nawo anachedwa kulankhula" adyera ana ambiri zaka zimene ubongo umaphunzira chinenero mosavuta.

"Kweza mawu!" kenako "Usandikalipire!"

Tsopano za akuluakulu. Mdzukulu abwera ndi uthenga: "Agogo, akuti mubwere mudzadye." Agogo ali duu pakhonde akusoka ukonde. Abwereza, agogo n'kuti, "Ukuti chiyani? Kweza mawu." Mwanayo asendera pakhutu n'kufuula. Agogo adzidzimuka, agwira khutu nkhope itakwinyika: "Iwe, ukundikalipira ine? Ndine mnzako?" Madzulo nkhani ili m'nyumba monse yakuti agogo amamva zimene akufuna, kugonthako n'kwadala.

Si dala ayi, ndipo chifukwa chake chimadziwika. M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono, kakang'ono ngati njere ya nsawawa. M'menemo muli timaselo pafupifupi 15,000 tokhala ndi tiubweya pamwamba. Tambiri mwa ito, pafupifupi 12,000, ntchito yake ndi kukuza mawu apansipansi kuti amveke, n'kumaleka kukuza mawu akamakwera. Ukalamba, phokoso ndi mankhwala ena zimapha timaselo timeneti, ndipo tikafa sitimeranso. Zikatero mawu apansi samveka n'komwe, koma mawu okweza amalowa ndi mphamvu yawo yonse, mwadzidzidzi. Munthu wa makutu abwino ali ndi bwalo lalikulu pakati pa "sindikumva" ndi "zikundipweteka". Kwa agogo aja bwalolo lasanduka kanjira kopapatiza. Madokotala amatcha zimenezi recruitment, ndipo dokotala wa ku America, Edmund Fowler, anazifotokoza m'zaka za m'ma 1930.

Palinso china. Timaselo toyamba kufa ndi togwira mawu osongoka monga s, f, ts ndi ch. Kufuula kumakuza a, e, o, koma zilembo zosiyanitsa "nsomba" ndi "bomba" zimatayikabe. N'chifukwa chake okalamba amati, "Ndikumva kuti ukulankhula, koma sindikumva chimene ukunena." Wolankhula nawo ayambe wawakhudza paphewa kapena kuima pamene akumuona, nkhope yake ikhale powala, atsitse wailesi, alankhule momveka ndi modekha osatafuna kanthu. Akapanda kumva, asinthe mawu m'malo mobwereza omwewo mokuwa. Pamaliro, paukwati kapena kutchalitchi, awapezere malo akutsogolo koma kutali ndi sipika.

Vuto lina lofanana nalo, lotchedwa hyperacusis, limagwira ngakhale anthu amene makutu awo akayezedwa amapezeka abwino. Kwa iwo kugundana kwa mapoto, kulira kwa khanda kapena hutala ya minibasi pa mlatho wa Chia zimalasa ngati singano. Limatha kuyamba munthu atamva phokoso lalikulu mwadzidzidzi, atavulala m'mutu, kapena pamodzi ndi mutu waching'alang'ala, ndipo nthawi zambiri limayenda ndi kulira kwa m'makutu kokhala ngati nkhululu. Munthu wotere amafuna kutseka makutu ndi thonje tsiku lonse n'kudzitsekera m'nyumba. Kumeneko n'kukulitsa vuto, chifukwa ubongo ukazolowera chete umayamba kukuza kaphokoso kalikonse. Zotsekera m'makutu n'za pamalo aphokoso loopsa pokha. Kunyumba munthuyo azikhala ndi mawu ofatsa, monga wailesi yotsitsa kapena mafunde a nyanja, n'kumazolowera pang'onopang'ono. Ana ena amene ubongo wawo umagwira ntchito mosiyana ndi anzawo amatsekanso makutu ndi manja pagulu, kuwakalipira sikuthandiza.

Apa mpofunika chenjezo pa timakina totsika mtengo togulitsidwa m'misika ndi pa intaneti. Timakuza chilichonse mofanana, mawu a mdzukulu ndi kulira kwa njinga yamoto yomwe, ndipo kwa munthu wa kanjira kopapatiza kaja ndi chizunzo. Makina enieni othandiza kumva amachunidwa pa kompyuta molingana ndi khutu la mwini wake, kuti akuze mawu apansi ndi kuletsa okweza kupyola malire. Ambiri amene anataya makina m'chitini n'kumati "amangosokosa" anali ndi makina osachunidwa bwino.

Phokoso la pantchito ndi pachisangalalo

Mphamvu ya phokoso imayezedwa m'madesibelo. Kucheza wamba ndi pafupifupi 60. Pa 85, khutu limayamba kuwonongeka munthu akakhalapo kupitirira maola 8 pa tsiku, ndipo pa 100 mphindi 15 zokha n'zokwanira. Pakhomo palibe choyezera, koma pali njira: ngati munthu akuchita kufuula kuti mnzake amene waima kutalika kwa mkono amumve, phokosolo n'loopsa. Mnyamata wa pachigayo cha mpunga kapena cha chimanga, woyendetsa boti amene usiku wonse khutu lili pa injini, wowotcherera zitsulo pafupi ndi jenereta, onsewa akudya makutu awo pang'onopang'ono. Mwini chigayo agulire antchito ake zotsekera m'makutu ndi kuwasinthanitsa kuti wina azipumako. Pazinkhoswe ndi maukwati, kumene masipika amaunjikidwa ngati matumba a mpunga, mayi wobereka khanda kumbuyo asavinire patsogolo pake. Makutu akamalira munthu atachoka kudansi, ndiye kuti timaselo tija tavulala. Achinyamata a mahedifoni nawo atsitse mpaka azimva wowaitana.

Chinthu chimodzi sichidikira: khutu likagontha mwadzidzidzi, m'maola ochepa kapena munthu podzuka m'mawa, apite kuchipatala msanga. Mwina ndi phula lotseka chabe, limene achipatala amachotsa mosavuta, koma ngati ndi m'kati, mankhwala amathandiza kwambiri m'masiku oyambirira.

Kolowera

Poyambira ndi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena chipatala chaching'ono chapafupi, kenako chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha St Anne's, kumene angalembe kalata yotumiza wodwala patsogolo. Ku Lilongwe kuli chipatala cha Kamuzu Central ndi ABC Hearing Clinic ya ku African Bible College, imene imayeza makutu ndi kuchuna makina. Ku Blantyre, chipatala cha Queen Elizabeth chili ndi gawo la makutu, mphuno ndi mmero limene linakula ndi khama la Dr Wakisa Mulwafu, ndipo mu 2016 chinatsegula kiliniki yoyeza kumva. Khanda la masiku ochepa limatha kuyezedwa lili mtulo, ndi kachipangizo kolowetsa pakhomo pa khutu kwa mphindi zochepa, popanda ululu. Aliyense wochira matenda oumitsa khosi ayezedwe asanathe masabata ambiri. Ulendo wa ku Lilongwe kudzera ku Salima ndi wodula, choncho ndi bwino kufunsiratu tsiku la kiliniki, kutenga buku la kuchipatala, ndi kupita ndi munthu wodziwa mbiri ya mimba, ya kubadwa ndi ya mtundu wa mbali zonse ziwiri.

Mwana amene makutu ake sangabwerere ali ndi nzeru zake zonse, chimene akusowa ndi chinenero. Chinenero Chamanja cha Malawi ndi chinenero chathunthu, chili ndi malamulo ake, ndipo bungwe la ogontha la MANAD, limene linakhazikitsidwa mu 1992, linatulutsa dikishonale yake mu 2021. Kulankhula ndi manja sikulepheretsa mwana kuphunzira kulankhula ndi pakamwa. Mayina onga "gonthi" ndi "bububu" alekeke pakhomo, mwanayo aziitanidwa dzina lake, ndipo abale ake onse aphunzire manja, osasiyira mayi yekha.

Msewu wa M5 umene umadutsa pa mlatho wa Chia, pomwe amayi amakweza chambo m'mwamba kuitanira magalimoto, uli ndi sukulu za ana ogontha mbali zonse ziwiri: kumpoto ku Bandawe m'boma la Nkhata Bay, kummwera ku Mua m'boma la Dedza. Zina zili ku Embangweni ku Mzimba, ku Karonga, ku Mountain View ku Bvumbwe, ndi ku Maryview ku Nguludi, kufupi ndi koleji ya Montfort imene imasula aphunzitsi a ana ofunika thandizo lapadera. Malo m'sukuluzi ndi ochepa, motero makolo akalembetse mwana msanga kudzera ku ofesi ya zamaphunziro ya boma la Nkhotakota. Amene akumvako pang'ono n'kumaphunzira pasukulu ya m'mudzi akhale kutsogolo, khutu lake labwino lilozere kwa aphunzitsi, ndipo kholo likaonane ndi mphunzitsi watsopano sabata yoyamba ya chaka chilichonse kuti amuuze za khutulo.